Chitseko cha kwa Fintan

Basi ya sukulu inali isanatuluke n'komwe m'tauni pamene mtsikana wina, Clodagh, anatsomphola buku m'manja mwa Fintan. Analikweza m'mwamba kuti onse aone chikuto chake: foni yowala ili pamwamba pa manda.

"Taonani zimene akuwerenga akuluakuluwa!" anatero. "Mizukwa ya masiku ano ili ndi mafoni, anthuni. Kaya kumandako amatchaja pati?"

Basi yonse inafa nacho chiseko. Fintan, mnyamata wamtali wosayankhulayankhula, anatambasula dzanja.

"Bweza buku langa, Clodagh. Ndikulifuna madzulo ano."

"Madzulo ano? Muli ndi msonkhano ndi anzakowo?"

Clodagh ankanyansidwa ndi mabuku a mizukwa. Chiyambireni nyengo yozizira, theka la kalasi linkangopatsirana timabuku timeneti ngati chimfine. Nkhani zake zinali zomwezomwezo: uthenga wochokera kwa munthu amene anaikidwa kale, nkhope yosuzumira pakompyuta, mayi woima pokwerera basi koma mvula osamunyowetsa. Iye ankafuna kudzakhala dokotala, ndipo ankati munthu akafa wafa basi. Zinazo n'zoopsezera makanda ndi zopusitsira anthu aulesi kuganiza.

Anatsegula pakati pa bukulo n'kuyamba kuwerenga ndi mawu onjenjemera dala. "'Foni inalira kachitatu. Pagalasi panaoneka dzina la mkazi wake, amene anamwalira chaka chatha.' Mayo ine, ndigwireni, ndikomoka!"

Anyamata a kumbuyo anayamba kulira ngati akadzidzi. Fintan sanapemphenso. Basi itaima pamphambano ya kwawo, anatsika chozolika, manja ali m'matumba. Bambo Tierney, oyendetsa basi, anadikira pang'ono akuyang'ana pagalasi lawo, kuti mwina wina amuponyera bukulo pazenera. Palibe anatero.

Kunyumba, mayi ake a Clodagh analiona bukulo likusuzumira m'chikwama.

"Wayamba liti kuwerenga zimenezi iwe?"

"Ine? Ndi la Fintan Loftus. Timangocheza m'basi, iye n'kukwiya."

Mayiwo anamuyang'ana. Sanali munthu wokalipa.

"Lero n'tsiku lanji, mwanangu?"

"Lolemba."

"Lero n'tsiku lopempherera mizimu ya omwalira. Mayi ake a Fintan tinawaika chaka chomwechino, iwe unali m'tchalitchi momwemo." Anakulunga m'kansalu buledi wa zipatso zouma amene anali atangomuphula. "Tenga njinga. Ukapereke zonse ziwiri kusanade."

Clodagh anapalasa njinga akung'ung'udza. Mvula inkawaza chopingasa kuchokera kunyanja. Maliro anawakumbukira, inde, ndipo zinamukhudza pang'ono. Koma kuferedwa sikutanthauza kuti munthu aziwerenga zachabechabe.

Atafika anapeza chitseko chakumaso chili chotsegula. Pazenera pankayaka kandulo, lawi lake likugwedezeka ndi mphepo. Anagogoda, koma sanayankhidwe, ndipo analowa. Madzi a mvula anali atayamba kale kuyenderera pansi. Pafupi ndi moto panali mpando wopanda munthu, ndipo pakatebulo panali kapu ya tiyi ndi mbale ya mbatata zophika.

Mwambowo ankaudziwa. Akale ankati patsikuli omwalira amabwera kudzaona kwawo, ndiye sutseka chitseko, umawasiyira mpando ndi chakudya. Sankadziwa kuti alipo amene akuchitabe zimenezo m'nyumba ya magetsi ndi kanema. Anatsonya, nakankha chitsekocho ndi phazi, n'kukhoma.

"Odi kuno! Mukuotha moto kapena mukutenthetsa bwalo?"

Pamasitepe panaima kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, kovala diresi la kutchalitchi, tsitsi lopesedwa mokhotakhota. Kanayang'ana chitsekocho, kenako Clodagh.

"Mwatseka? Nanga Amayi alowera pati?"

Kanatsika mothamanga n'kuyamba kulimbana ndi loko, koma manja ake sankafikira bwino. "Achimwene! Achimwene, atseka! Mwina anafika kale, apeza potseka, abwerera!"

Fintan anatulukira kukhitchini, manja ali thovu lokhalokha. Anamunyamula mlongo wakeyo.

"Ayi, Nuala, sanafike. Kukadali kowala. Pita ukatenge bulangeti lako lija, tikhale pamoto."

Mwanayo anakwera masitepe akusisima. Fintan anatembenukira Clodagh.

"Wabwera kudzamalizitsa?"

"Ndabweretsa buku lako. Ndi buledi, Amayi andituma." Anaziika patebulo. Manyazi anamugwira, ndipo manyaziwo anamupsetsa mtima. "Koma iwe Fintan, ndi nzeru zako zonse za masamu zija, ukukhulupirira kuti kubwera munthu pakhomo apa? Ukumunamiza mwanayu."

"Sindinamuuze kuti abwera. Wamva kwa azakhali, wapempha yekha. Adadi anati timusiye." Ankayankhula motsitsa kuti mawu asakwere masitepe. "Ndikudziwa kuti sabwera, Clodagh. Bokosi ndinanyamula nawo ine."

"Ndiye mabukuwa ndi a chiyani?"

Fintan anapukuta manja pathalauza.

"Nuala sagona popanda nkhani. Za mafumu ndi akalulu anazikana. Amati m'menemo munthu akafa, samutchulanso, ngati sanakhaleko. M'mabuku awa okha ndi mmene womwalira amakumbukabe nambala ya kwawo." Anatola bukulo. "Ndimayamba ndawerenga ndekha m'basi kuti ndidziwe poopsa, ndizidumpha. Nthawi zina mathero ndimasintha. Lero sindinamalize."

Nuala anatsika akukoka bulangeti, maso ali pachitseko, osayang'ana mlendoyo ngakhale pang'ono.

Clodagh anapita yekha kukatsegula loko. Mphepo inalowa ndi mvula yake, n'kufuna kuchimenyetsanso chitsekocho. Anayang'ana uku ndi uku chotsekereza, osachiona. Anavula jekete yake ya sukulu, naipinda, n'kuikanikiza pansi pa chitseko. Kenako anasuntha kandulo pang'ono kuti mphepo isaipeze.

"Chonchi chili bwino?" anafunsa.

Nuala anayeza mpatawo ndi maso. "Onjezerani pang'ono. Amayi ndi onenepa."

Clodagh anaonjezera.

"Mukhoza kukhala," anatero mwanayo, "koma osati pampandopo."

Clodagh anakhala pansi, msana uli kumphepo. Anaganiza zongokhala pang'ono, chifukwa cha ulemu. Fintan anatsegula bukulo n'kuyamba kuwerenga ndi mawu ake a masiku onse, osanjenjemeretsa. Inali nkhani ya bambo wina wokonza mabasi, amene foni yake inkalira madzulo aliwonse iye akudya yekha. Tsiku loyamba anaizimitsa. Tsiku lachiwiri anaitsekera m'kabati. Clodagh anaona chala cha Fintan chikudumpha ndime yathunthu, mawu ake osadodoma ngakhale pang'ono.

Asanafike patali, mutu wa Nuala unagwera paphewa la mchimwene wake. Kudikira kwa tsiku lonse kunali kutamutopetsa. Fintan anatseka bukulo pang'onopang'ono.

"Wagona," ananong'ona. "Zipita kusanade kwambiri. Jekete ndikubweretsera mawa."

Clodagh sanadzuke. Manja ake anali atauma ndi kuzizira, koma maso anali pabukulo.

"Ndiye bamboyo," anatero motsitsa, "foniyo anaiyankha?"