Mphete Yagwera mu Simenti

Minibasi yochokera ku Mangochi itaima pa siteji ya Ulongwe, kondakitala anaponya thumba la chimanga pansi ngati akutaya mdani wake. Thumbalo linakagwera pa beseni la pulasitiki lomwe mtsikana wina anali ataliika m'mbali mwa msewu. Beseni phwa! Dothi mbwee!

"Mayo ine, mtengo wanga!" anakuwa mtsikanayo.

Fabiano anasiya fosholo n'kuthamangira pomwepo. Mnyamatayu ankaumba mabuloko, masilabu a zimbudzi ndi zomwera nkhumba pafupi ndi sitejiyo, koma chida chake chachikulu chinali pakamwa. Pa Ulongwe panalibe munthu yemwe Fabiano anali asanamusekepo.

Atayang'ana pansi anaona kamlambe. Thunthu lonenepa ngati botolo, nthambi zonse zilipo, koma msinkhu wosafika n'komwe m'bondo.

"Pepani chemwali. Koma kamtengo kanuka kakudwala chiyani? Bwanji tipite nako kusikelo?"

"Sikakudwala. Kali ndi zaka khumi ndi chimodzi."

"Zaka khumi ndi chimodzi! Ndiye mumakamana chakudya eti?"

Mtsikanayo anafuna kukwiya, koma kuseka kunamupitirira. Dzina lake anali Scholastica, mphunzitsi wa ku Balaka, ndipo kamtengoko ankachokera nako kwa mayi ake konko ku Ulongwe.

"Amati bonsayi," anatero akuwola dothi ndi manja. "Umadulira mizu ndi nthambi, n'kubzala mumphika wosaya. Mtengo umakalamba uli waung'ono. Anandiphunzitsa sisitere wina ndili ku sekondale."

"Ndiye gogo wa zaka zimenezi mukumugoneka mu beseni lochapira? N'chipongwetu chimenecho, madamu. Ine ndimuumbira mphika wa simenti. Mungondisiyira nambala ya foni kuti ndizifunsa m'mene wodwala wagonera."

Nambala inaperekedwa. Mtsikana wake uti akanakana?

Patatha sabata Fabiano anatulukira ku Balaka atanyamula mphika paphewa, thukuta kamukamu. Scholastica anauzungulira kawiri, n'kuugwedeza, osasuntha.

"A Fabiano, ichi n'chomwera nkhumba."

"Iyayi madamu, taonani kusalala kwake! Muthiremo madzi lero, Khirisimasi muwapeza momwemo. Changa sichidontha!"

"Vuto lake n'lomwelo. Mphika wopanda mabowo umawoletsa mizu. Mukufuna kundiphera mtengo?"

Tsiku limenelo mmisiri anakhala mwana wasukulu. Anaphunzira kusefa mchenga mpaka ukhale ngati ufa. Anaphunzira kutenga mabeseni awiri, lalikulu ndi laling'ono, kuwapaka mafuta kuti simenti isamatirire, kuyala waya wa khola la nkhuku pakati, n'kuimika zitsononkho ziwiri pansi kuti zisiye mabowo. Ndipo mphika ukauma, uyenera kugona m'madzi masabata atatu, madziwo n'kumasintha, kuti ukali wa simenti uthe usawotche mizu.

"Masabata atatu! Nanga ine ndiviikidwa masabata angati kuti mundilole?" anafunsa Fabiano.

"Inu ukali wanu ndi wa pakamwa. Mufunika chaka."

Chaka chake chiti! Mvula isanathe, "a Fabiano" anali atasanduka "iwe Fabi", ndipo mafoni awo sankazizira.

"Duwa langa, ndasakaniza simenti koma ikukana kuuma. Yati mpaka imve mawu ako."

"Wabodza iwe. Wachulutsa madzi basi."

"Dalingi, mtima wanga ndi mphika, koma uwu wokha ulibe bowo. Walowamo sutulukanso."

"Ndiye ndiwoleramo! Gwira ntchito, switi wanga."

M'mwezi wa Ogasiti Fabiano anaganiza zazikulu. Anapangitsa mphete ku Liwonde, mkati mwake atazokotamo dzina la Scholastica. Anaganizanso zomuumbira miphika isanu ndi itatu ya mphatso, mtengo uliwonse ndi nyumba yake.

Tsiku lomwe anakatenga mpheteyo, pobwera anapeza mchenga wabwino wa kumtsinje wafika kale. Chimwemwe chinamukwera kumutu. Osasintha n'komwe malaya, mphete ili m'thumba la pachifuwa, anawerama pa wilibala n'kuyamba kusakaniza, uku akuimba. Atamaliza kuumba anavula malaya aja n'kuwakoleka pa msomali.

"Gona pomwepo, chuma changa," anatero akusisita malayawo.

Miphika inauma, inagona m'madzi masabata ake atatu, n'kupita ku Balaka. Scholastica anadumpha ngati mwana. Anabzalamo bwemba, kachere, mthethe ndi ina yonse, ndipo kamlambe kaja anakapatsa mphika waukulu koposa.

"Fabi, palibe munthu anandichitirapo zotere," anatero misozi ili m'maso.

"Izi n'zoyambira chabe, wapamtima. Lamulungu likubwerali uvale bwino. Ndili ndi mawu."

Lamulungu m'mawa Fabiano anatsitsa malaya pa msomali n'kupisa m'thumba. Mulibe! Anawatembenuza, anawakutumula. Mulibe! Anasesa nyumba, anagwetsa mabuloko, anasefa mulu wonse wa mchenga. Kenaka anakhala pansi, manja m'mutu, atakumbukira m'mene anaweramira pa wilibala tsiku lija.

Mphete inali mu simenti. Mu mphika uti? Pamenepo ndiye pake.

Mwamuna wanzeru akanangopita kukaulula. Koma uyu anali Fabiano, woseka anzake kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nkhani imeneyi itamveka pa siteji, akanayenda bwanji? Akabaza akanamuimba nyimbo mpaka ukalamba!

Choncho anafika ku Balaka wopanda mawu aja, ali ndi kiyi m'manja. Anagogoda mphika wa bwemba, khutu atatchera ngati dokotala.

"Wamva kaliridwe kake, bebi? Uwu uli ndi mng'alu mkati. Ndikaukonze."

"Mng'alu? Ine sindikuuona. Nanga mawu aja?"

"Mawu akadaviikidwa. Mphikawu ndibweza Loweruka, ndikulumbira pa mtima wangawu."

Scholastica anazula bwemba mosamala n'kumuika m'chitini. Fabiano atafika ku Ulongwe anapita kuseri kwa shedi yake, natenga hamala. Phwa! Anaphwanya zidutswa zonse mpaka zing'onozing'ono. Mphete njee!

Loweruka linafika, mphika osabwera. M'malo mwake kunabwera Fabiano ndi kiyi wake.

"Uwunso ukulira moipa."

Wachitatu unapita. Wachinayi unapita. Dzuwa la Okutobala la ku Balaka silinyengerera munthu, ndiye kulili kamtengo ka m'chitini? Kachere anayamba kuyoyola masamba. Scholastica anayamba kusowa mtendere. Kodi chikondi chikamatha chimayamba chonchi, munthu kulanda mphatso zake imodziimodzi?

"Fabi, miphika yanga ili kuti? Yakwana isanu ndi iwiri tsopano," analemba.

"Ili bwinobwino, mfumukazi yanga. Ikupuma."

Lachisanu lina Scholastica ataweruka anakwera minibasi kukaona mayi ake, osamuuza Fabiano. Atatsika pa Ulongwe anakwera kabaza wa Usumani, bambo yemwe ankaimika njinga yake pafupi ndi shedi ya Fabiano.

"Madamu, ine sindikonda za eni," anayamba Usumani akupalasa, "koma bwenzi lanulo mulisamale. Miphika yanu ija akuswa."

"Akuswa?"

"Walahi, ndi maso angawa! Amapita nayo kuseri, n'kuiphwanya, n'kumasefa zidutswa uku akuyankhula yekha. Anthu akuti kuli sing'anga ku Chikweo amene amalamula zimenezi. Uswe ziwiya za mkazi amene umamukonda kuti bizinesi ikwere. Zikatha ziwiya, kaya chotsatira n'chiyani. Ine sindinanene kanthu."

"Bwererani! Kandisiyeni ku shedi."

Anamupezadi. Fabiano anali atanyonyomala kuseri, mutu mbuu ndi fumbi, hamala kumanja, sefa kumanzere. Pambali pake panali mulu wa zidutswa. Scholastica anatola chimodzi. Chinali ndi penti wobiriwira yemwe anapaka yekha ndi manja ake.

"Iyi ndi miphika ikupuma ija?"

Fabiano anadzidzimuka mpaka sefa inagwa.

"Dalingi! Ndi... ndikungoyeza kulimba kwake."

"A Fabiano, ndiuzeni zoona. Mukufuna chiyani m'miphika yanga?"

"A Fabiano" ameneyo anamulasa kuposa mpeni. Anatsegula pakamwa, koma ataona Usumani ndi akabaza ena atatu atasuzumira pa mpanda, anameza choonadi chija.

"Si kanthu, bebi. Ndi zaumisiri basi."

Scholastica anaika chidutswa chija pansi pang'onopang'ono, natembenuka. Anangochoka. Misozi yokha ndiyo inkatsika mpaka kukafika kwa mayi ake.

Madzulo ake uthenga unalowa: "Ndinakukhulupirirani ndi mitengo yanga ndi mtima wanga. Zonse mwaziika m'zitini. Kaya n'zokhwima, kaya mwatopa nane, musandiimbirenso. Tsalani bwino."

Fabiano anaimba kakhumi, foni osayankhidwa. Analemba "duwa langa", analemba "moyo wanga", mauthenga onse anangogwera m'chitsime. Masiku atatu pa siteji panali zii. Makondakitala anayamba kufunsana ngati mnyamata wa simenti wagwidwa ndi malungo.

Tsiku lachinayi anadzifunsa yekha. Chowawa n'chiti, kusekedwa ndi akabaza kapena kuona Scholastica akukwatiwa ndi mphunzitsi wina wa tayi? Anasamba, natenga chikwama chake cha zida, nakwera ya ku Balaka.

Anamupeza pakhonde akuthirira mitengo ya m'zitini ija. Scholastica atamuona anaima kutsogolo kwa kamlambe, manja atatambasula.

"Uwu wokha simuugwira. Mukayandikira ndikuwa."

Fabiano anagwada pa fumbi, buluku lake la kutchalitchi lomwelo.

"Schola, ine sindinapite kwa sing'anga aliyense. Ndine chitsiru chabe. Ndinakugulira mphete. Inali m'thumba la malaya tsiku lomwe ndinkaumba miphika yako, ndiye inagwera mu simenti."

"Mwati chiyani?"

"Mphete ya chinkhoswe, ya dzina lako mkati. Ndakhala ndikuifunafuna. Isanu ndi iwiri ija mulibe."

Scholastica anamuyang'ana. Milomo inayamba kunjenjemera. Fabiano anaganiza kuti kukubwera kulira. Koma ayi ndithu, kunali kuseka! Anaseka mpaka kukhala pansi, keni yothirira kugubuduka, misozi chuchuchu.

"Iwe Fabi! Mwezi wathunthu ine osadya, mitengo yanga ikufota, chifukwa choopa kunena mawu awiri okha akuti 'ndataya mphete'?"

"Ndimaopa kusekedwa."

"Ndiye ukuona ngati wapulumuka? Ndikauza ndekha a Usumani!"

Kenaka anasiya kuseka, napukuta m'maso.

"Koma unandipweteka. Bodza lako linandiwawa kuposa miphika. Ukadzandinamizanso, ngakhale pa kanthu kochepa ngati chitsononkho, sudzandionanso."

"Sindidzabwerezanso. Ndikadzanama, udzandiumbire mu silabu."

Scholastica anatembenukira ku mphika wa kamlambe, nakhala ngati akukumbukira kanthu.

"Dikira. Tsiku lobzala ndinaona kanthu konyezimira kunsi kwake. Ndinkayesa ndi waya watulukira."

Fabiano sanadikire kumva zambiri. Anagona chagada pakhonde, Scholastica n'kukokera mphika uja m'mphepete mwa benchi pomwe unali, kuupendeketsa pang'ono mpaka mbali imodzi inatsamira pachifuwa cha mnyamatayo. Fabiano anapala kunsi kwake ndi chikhadabo. Pafupi ndi bowo panaoneka kachigawo kachikasu, kopindika ngati mwezi watsopano.

"Ndi imeneyi! Schola, ndi imeneyi! Ndipatsire tchizulo m'chikwamamo. Kugogoda kawiri kokha yatuluka."

"Ndipo mphika ung'aluke? Kamlambe kanga kazulidwenso pa dzuwa limeneli? Iyayi."

"Nanga ndikufunsira ndi chiyani, mayi?"

"Funsa momwemo. Mphete waiona, ine ndaiona."

Choncho Fabiano, woseka anthu wa pa Ulongwe, anafunsira mbeta atagona chagada, mphika wa simenti uli pachifuwa, dothi likumugwera m'maso.

"Scholastica, duwa langa, ndine wopusa koma ndine wako. Undilola ndikukwatire?"

"Ndalola," anatero Scholastica. "Ndipo mpheteyo ikhale momwemo. Ya pachala munthu amavula akapsa mtima. Imeneyi aivule ndani?"

"Ankhoswe akafunsa tidzati chiyani?"

"Adzagone pansi aione okha. Koma tamvera, Fabi. Ankhoswe akowo asanaponde kwathu, miphika yanga isanu ndi iwiri ikhale itabwera. Ya mabowo, yoviika masabata atatu, osadumpha ngakhale tsiku limodzi."

"Zonse ndamva, wapamtima," anatero Fabiano akupuma movutikira. "Koma tayamba wandichotsa mphikawu pachifuwa, ndingafe ndisanakwatire!"