Belu la Mwana wa Bwanamkubwa

Wofuna kutsutsa atsutse, koma ayambe wakafunsa mayi Asimenye, namwino uja wa ku Sheffield. Mapazi aja anawaona ndi maso awo, ndipo si munthu wa nkhambakamwa.

Munali mu 2014. Edwina, mayi wina wa kwathu, ankasamalira gogo wina wachizungu, mayi Clara, amene ankakhala okha m'chinyumba cha pachitunda. Bambo a gogoyu anali bwanamkubwa nthawi ya atsamunda, dzina sinditchula. Khoma la pabalaza linadzaza ndi zithunzi za nyumba zaboma zimene bwanayo anakhalamo: ina ya pachilumba, ina ya kuchipululu, ina ya kwathu, ya khonde lalitali. Pachithunzi cha kwathucho bwana ali pampando, antchito atandanda m'munsi mwa masitepe, onse opanda nsapato. Malamulo a nyumba ya pachithunziyo anali awiri: wantchito salowa ndi nsapato, ndipo akaitanidwa sachoka mpaka womuitanayo amuuze kuti pita.

Ntchitoyi Edwina sanaipeze mwangozi ayi. Atangoona dzina la gogoyo ku ofesi yolemba osamalira okalamba, anachita kuipempha. Wachitatu pamzere wa antchito uja anali agogo ake aamuna, a Bester, operekera tiyi. Kamtsikana ka bwana kanawanamizira kuti aba wotchi. Anawakwapula pabwalo, n'kukawatsekera kundende, ndipo anafera komweko. Manda awo palibe akuwadziwa.

Tsiku lina akulongedza zovala, Edwina anapeza wotchiyo itakulungidwa m'kasokosi ka mwana. Anapita nayo kwa gogo uja.

"Imeneyo ndinabisa ndine," anatero mayi Clara m'Chingerezi, uku akuseka. "Ndinkafuna kuona ngati bambo andikalipire. Anakalipira boyi wina."

Boyi wina! Edwina anakalirira kukhitchini, mtima ukuwira ngati madzi a pamoto.

Mutu wa gogoyu unali utayamba kusokonekera. Ikakwana folo koloko, nthawi ya tiyi, ankafunafuna kabelu kamkuwa kamene anachoka nako kunyumba ya kwathu ija, moti abale awo anakabisa pamwamba pa kabati. Edwina ankadziwa zimene aliyense kwathu amadziwa, kuti munthu wofa ndi chidandaulo saitanidwa dzina. Ankadziwa ndithu. Koma tsiku limenelo, mu Disembala, kunja kutada kale, anakatsitsa kabeluko n'kukaika m'manja mwa gogoyo.

"Boyi uja dzina lake anali Bester," anawanong'oneza. "Muitaneni."

Anabwerera kukhitchini n'kukhala pansi.

Nge! Nge! Nge!

"Bester! Tiyi!"

Zii. Kenaka fungo linafika: polishi wofiira wa pakhonde, ndi dothi la mvula yoyamba. Ku Sheffield, m'chisanu! Hita yotenthetsa m'nyumba inazima yokha. M'kolido munamveka mapazi. Opanda nsapato. Phya. Phya. Phya. Kapu ikugwedera pathireyi.

Apa mkwiyo wonse unamuthera Edwina, kunatsala mantha okhaokha. Anafuna kukuwa kuti, "Agogo, basi!" koma mapazi aja anali atafika kale pakhomo la pabalaza. 

Chitseko cha pabalaza chinalira. Kunamveka mawu aamuna, otsika, aulemu.

"Mwandiitana, dona. Ndabwera."

Wotchi ija, imene inaima kalekale, inayamba kugunda. Mayi Clara anabuula kamodzi. Basi.

Edwina anaimbira foni mayi Asimenye, mnzake wa kutchalitchi amene ankakhala chapafupi. Analowa pabalaza atagwirana manja. Mayi Clara anali pampando, maso ali tong'o, atauma kale, wotchi ikugundabe m'dzanja lawo. Patebulo panali kapu ya tiyi wa nthunzi, amene Edwina sanaphike. Pakapeti panali mapazi a dothi lofiira, olowa okhaokha. Otuluka panalibe.

"Edwina," ananong'ona mayi Asimenye akuloza chithunzi chija, "agogo ako unati ndi ati?"

"Achitatu."

"Pachitatu palibe munthu."

Madokotala anati ndi mtima. Nyumbayo inagulitsidwa, Edwina anasamukira ku Bolton, kenaka ku Liverpool. Koma kulikonse kumene ali, ikakwana folo koloko amapeza kapu ya tiyi patebulo, ndi mapazi awiri ofiira pafupi ndi khoma, oyandikana bwinobwino, ngati a munthu woima modikira. Wawagwadira, wawalirira, wawauza kuti, "Pitani mukapume, agogo." Sachoka. Woyenera kuwauza kuti pita ndi amene anawaitana, ndipo ameneyo anaikidwa m'manda kalekale.