Kagalimoto Kodzithira Mafuta

Chimene chinayamba kumudabwitsa Lisiate chinali kamuvi kosonyeza mafuta. Lolemba madzulo anaimika kagalimoto kake pansi pa mtengo wa mango kamuviko katatsala pang'ono kugona, koma kutacha Lachiwiri anakapeza katadzuka, kali pakatikati.

Kagalimotoko anakagula kogwiritsidwa kale ntchito, kochokera ku Japan, atathyola maapozi miyezi isanu ndi iwiri ku New Zealand, ndipo ankakakonda mwakuti anthu ankamuseka Kalolaine, mkazi wake, kuti wapeza mkazi mnzake. Kanali kofiira, chitseko chimodzi chomanga ndi chingwe, lamba wa injini akulira ngati kamwana ka nkhumba, ndipo kiyi anali atakanirira pamalo pake chigulireni. Za kiyizo Lisiate analibe nazo ntchito. Pachilumba cha Tongatapu wakuba galimoto angathawire nayo kuti? Chimene ankadzitama nacho n'chakuti mafuta kankangonunkhiza. Komanso kankalankhula. Ukangopotoza kiyi, mawu aulemu a mkazi ankamveka m'Chijapani, ndipo m'mudzi monse panalibe wodziwa zimene ankanena.

"Mwina munathira n'kuiwala," anatero Kalolaine.

"Ine kuiwala mafuta? Bola ndiiwale dzina langa."

Usiku wa Lachiwiri kunali mdima wandiweyani. Mphepo inali italeka, mileme yokha ikukangana mumtengo, ndipo chapatali nyanja inkamveka ikumenya matanthwe pang'onopang'ono, ngati munthu wogogoda amene alibe changu. Tulo titangoyamba kumuba, Lisiate anamva mawu a mkazi wa ku Japan uja akulankhula pabwalo. Kenako zii. Kenako matayala anayamba kuphwanya masamba ouma, tsamba limodzilimodzi, popanda injini, popanda nyali.

"Mwamva?" ananong'ona Kalolaine, zala zake zitamira mumkono wa mwamuna wake.

"Ndi nkhumba."

"Nkhumba zanuzo Chijapani zinayamba liti? Pitani mukaone."

"Ndikaona kukacha. Usiku maso anga saona bwino."

Kutacha, kagalimoto kanali pamalo pake phee, koma matayala ali mchenga wonyowa, mpando utasunthira kutsogolo, mafuta atakweranso. Ataliza injini, Lisiate anamva tsitsi likumuyimirira: lamba uja, amene amakanika awiri anamulephera, sankaliranso.

Nkhani inafika kumene amuna amamwera chakumwa chawo chotchedwa kava. Ena ankati mwini wake woyamba anafera momwemo ndipo akukafunabe. Ena ankati anthu a ku Japan ndi olimbikira ntchito, ngakhale atamwalira sasiya kukonza galimoto zawo.

"Mzukwa wothira mafuta?" anatero Sitiveni, mnzake wa Lisiate, akupukuta misozi ya phwete. "Achimwene, mukatopa nawo muulozere kwathu. Geti ndimasiya chosatseka."

Koma Kalolaine sankaseka. Zitachitikanso usiku wa Lachitatu, analetsa ana kukwera, n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Pofika Loweruka kachoke pano. Kagulitseni, kaponyeni m'nyanja, zanu izo. Apo ayi, ine ndi ana tikukwera sitima, tikupita kwa amayi kuchilumba cha Vava'u."

Mtima wa Lisiate unawawa zedi. Miyezi isanu ndi iwiri yozizidwa pamakwerero, ithere m'manja mwa mzukwa? Lachinayi usiku analimba mtima, chimunthu chonsecho n'kudzipinda kumpando wakumbuyo, atafunda mphasa. Udzudzu unamudya, mwendo unachita dzanzi, iye osagwedera. Atambala oyamba asanalire, anamva mapazi olemera akubwera chokwakwaza kuchokera kunthochi, ndi kupuma kwa wefuwefu, ndi fungo la mafuta a kokonati. Chitseko chinatseguka. Dzanja linalowa, linapotoza kiyi, mkazi wa ku Japan n'kulankhula pafupi penipeni ndi khutu lake. Lisiate anayamba Pemphero la Ambuye, koma linamusokonekera pakati.

Kagalimoto kanagwedezeka, kanasuntha pang'ono, n'kuima.

"Iwe, lero walemera bwanji?" chinanong'ona chinthucho. "Wadya chiyani?"

Ha! Mawu amenewo ankawadziwa chibadwire. Anali a Melenaite, azakhali ake, mlongo wa malemu bambo ake, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu zisanu.

"Azakhali!"

"Mayo!" anakuwa a Melenaite, chigubu chili m'manja n'kugwa. "Mwana woipa iwe, ufuna kundipha?"

Lisiate anatuluka chokwawa n'kukhala pansi msangamsanga, poti kwawoko azakhali suwalankhula utaimirira. Mantha a mzukwa anatha, koma m'malo mwake munalowa ena aakulu. Pamwambo wa pachilumbapo, chinthu cha mwana wa mlongo wawo chimene azakhali achiikapo dzanja chimakhala chawo, ndipo palibe amene amatsegula pakamwa.

Kalolaine anatuluka ndi nyali, anaona, n'kukhala pakhonde akuseka mpaka kutsokomola.

"Ndikuphunzira kuyendetsa, kumsewu wa kugombe uko," anatero a Melenaite, akukonza kamphasa kamene anthu a kumeneko amavala m'chiuno. "Ndatopa n'kudikira basi ngati mwana wa sukulu. Ndimakakankha mpaka pamsewu kuti musadzuke. Lamba uja ndinamanga ndekha ndi sipanala ya malemu amuna anga, amafuna kundiulula. Zaka makumi atatu ndinkawagwirira tochi akamakonza chilole chawo, ukuyesa maso ndinkatseka?"

"Nanga mafuta, azakhali?"

"Ndimabweza amene ndawotcha. Chilole chija ulendo umenewu chinkamwa chigubu chathunthu, ndiye ndimathira chigubu."

"Akatu kamangonyambita, azakhali," anatero Kalolaine. "Mwatsala pang'ono kukasefukiritsa."

"Zoona? Kanthu kabwino bwanji!" A Melenaite anakasisita padenga, ndipo Lisiate anaona dzanja lija lili pakagalimoto kake. Ankadziwa zoyenera kunena, ndipo anazinena mutu uli pansi.

"Azakhali, ngati mwakakonda, ndi kanu. Tengani."

A Melenaite anachotsa dzanja padenga paja.

"Chitsiru iwe, ukuganiza ndimabwera usiku chifukwa chokonda udzudzu? Ndikanabwera masana n'kunena kuti ndibwereke, ukanandipatsa konse n'kukalira kuseri kwa thanki ya madzi. Pakamwa panga palibe kubwereka, mwanawe. Ine ndikapempha, ndiye kuti ndalanda. N'chifukwa chake sindinapemphe. Kagalimoto n'kako."

Lisiate anathokoza misozi ili chuchuchu pamaso pa mkazi wake.

"Basi, basi, dzuka," anatero azakhaliwo, akudzipanikiza pampando woyendetsera. "Kubwerera m'mbuyo kukundivutabe, dzulo ndinagunda nthochi ya abusa. Lowa undiphunzitse."

Lisiate asanadzuke n'komwe, Kalolaine anali atazimitsa nyali, atakhala kale kumpando wakumbuyo.