Kadazi pa Khosi la Mwayi

Tisiyenji anakumana ndi Laison pa siteji ya Nambuma, tsiku la msika, dzuwa likuswa mtengo. Minibasi zonse zinkamukana Tisiyenji chifukwa anali ndi nkhosa pachingwe.

"Nkhosa si pasinjala, asisi!" anatero kondakitala, anthu n'kuseka.

Nkhosayo dzina lake inali Mwayi. Mayi wake anafa itangobadwa, ndipo Tisiyenji anailera ndi botolo la mwana. Inkamutsata kudimba, kumjigo, mpaka pakhomo la tchalitchi. Tsikulo ankachokera nayo kwa alangizi a ziweto.

Kenaka panaima njinga yamoto. Mnyamata wake wooneka bwino, malaya ositidwa, kumbuyo atamangirira kabokosi koyera.

"Nkhosa yonenepa chonchi sindinaionepo," anatero. "Koma mwini wake ndiye wandiimitsa."

Mwaona? Anayamba kuyamikira nkhosa, mwini wake pambuyo! Tisiyenji anazimva ndithu, koma mtima unali utathawa kale.

Laison anati amagwira ntchito ku labu ya kafukufuku wa matenda a ana, ku tauni. Ananyamula onse awiri mpaka kumudzi. Pofika kumeneko nambala anali atapatsana.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula ya Januwale.

"Wadzuka bwanji duwa langa la kudimba? Popanda iwe tiyi sakoma. Nanga Mwayi wadya?"

"Shuga wanga, fodya akangogulitsidwa nditumiza amalume kwanu. Mwayi wamwa madzi?"

Tisiyenji ankawerenga n'kumwetulira, kenaka n'kukwinya nkhope. Kodi mwamuna uyu akufunsira ndani, iye kapena nkhosa? Bwanji uthenga uliwonse umathera kukhola? Nanga m'kabokosi koyera kaja muli chiyani, koti ngakhale kukagwira amakaniza?

Loweruka lina Laison anabwera Tisiyenji akusoka fodya m'chigafa.

"Usavutike wokondedwa, manja ako atopa. Mwayi ndikamudyetsa ndine kudambo."

Nkhosa inabwerako ikuyenda mwaulesi, n'kukagona pamthunzi. Tisiyenji poisisita anapeza pakhosi pali kadazi, ubweya wometedwa bwinobwino ndi lumo, pakati pake kabala kakang'ono ka jakisoni. Nkhani za anamapopa ndani sanazimve? Ku dera lino mawu amenewo akangomveka, anthu amatola miyala asanafunse.

"Laison, tsegula bokosi lija."

"Aaa, duwa langa, ndi mavitamini chabe..."

"Tsegula! Apo ayi ndikuwa, mudzi wonse ubwere."

Laison anatsegula bokosilo. Pakati pa madzi oundana panali botolo la magazi.

"Mayo ine! Ndakhala ndikudya ndi namapopa?"

"Tsitsa mawu, chonde, andipha!" Laison anagwada pafumbi. "Tamvera. Mwana akadwala kwambiri, mankhwala n'kumakanika, timatenga tizilombo ta m'thupi mwake n'kutibzala m'timbale tothira magazi a nkhosa. Tikamera, timayesa mankhwala osiyanasiyana mpaka tipeze otipha. Nkhosa siifa ayi, imangofunika kupuma. Zathu za ku labu zinafa ndi matenda. Ana akudikira, Tisi."

Tisiyenji anakumbukira Thoko, mwana wa mkulu wake, amene chaka chatha anauma khosi, n'kutsala pang'ono kupita. Madokotala anachita kusintha mankhwala atamuyeza, mwana n'kudzuka. Kodi mwina nayenso anapulumukira nkhosa ya munthu wina?

"Nanga bwanji sunandipemphe?"

"Lamulo lathu limati mwini chiweto avomere kaye. Koma ndikanayamba bwanji? Kungotchula magazi kuno, njinga yanga ikanapsa."

"Ndiye unandifunsira chifukwa cha Mwayi, eti?"

"Ayi! Ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Nkhosa ndi imodzi, mkazi ndi mmodzi. Ndiwe wekha, Tisi. Ndikanama, miyendo iyi ipuwale!"

Analira misozi yeniyeni, mwana wa eni. Ndipo Tisiyenji, poganiza za ana odwala, anamukhululukira. Anamuuza kuti azitenga pokhapokha iye alipo, ndiponso nkhosa ikapuma mokwanira. Iye ndiye ankaigwira mutu, akuinong'oneza kuti isaope. Bambo ake, omwe anali mkulu wa mpingo, sanawauze kanthu. Chinsinsi cha mwamuna wake wam'tsogolo anachisunga ngati dzira.

Komabe kamtima kokayika sikanagone. Botolo limodzi pakapita milungu yambiri, lingakwanire labu yonse? Nanga masiku amene Laison ankati ali kufilidi, kukagwira ntchito kumidzi, foni osayankha, ankakhala kufilidi yake iti?

Fodya anagulitsidwa. Amalume aja sanaoneke.

Tsiku lina Tisiyenji anapita ku msika wa Kasiya kukagula nsalu ya chinkhoswe, poti mwina kuona nsalu kukanamufulumizitsa mwamunayo. Akudutsa kumene amagulitsa ziweto, anaona mtsikana atakhala pansi, atakumbatira nkhosa yowonda, yolephera kuima. Mtsikanayo ankalira.

"Pepani asisi, yatani nkhosayi?"

"Kaya, ingofooka. Bambo akuti tiigulitse isanafe. Ife ndife matenanti pa esiteti ya fodya, chiweto chathu n'chomwechi."

Tisiyenji anawerama kuti aisisite. Dzanja linaima pakhosi. Kadazi! Kometedwa bwinobwino ndi lumo. Koma apa mabala a jakisoni sanali amodzi, anali ndondondo, ena osapola n'komwe.

"Ndani anameta apa?"

"Chibwenzi changa," anayankha mtsikanayo, akupukuta misozi. "Amaibaya mavitamini sabata iliyonse. Ndi munthu wabwino, amagwira ku labu. Akuti atumiza amalume ake."

"Dzina lanu ndani, asisi?"

"Jenifer."

Tisiyenji asanatsegule pakamwa, foni yake inalira m'chikwama. Nthawi yomweyo ya Jenifer nayo inalira pachitenje. Anayang'anana. Aliyense anatulutsa yake, n'kuziika pamodzi.

"Waswera bwanji duwa langa la kudimba? Ndakusowa kufa. Nanga nkhosa yadya?"

Ngakhale dzina la nkhosa sanavutike kulemba, kuti uthenga umodzi ukwanire onse! Kaya unapita kwa angati, ku Chiwamba, ku Nsaru, ku Kabudula, adziwa ndi Mulungu.

Jenifer anayankha kuti ali pamsika, abwere. Posakhalitsa njinga ija inatulukira, kabokosi koyera kali kumbuyo. Laison atawaona awiriwo ataima pamodzi, kumwetulira kunauma.

"Tisi... duwa langa, ndikufotokozera..."

"Duwa liti? Tilipo awiri pano."

"Ndinachitira ana odwala! Iwe ukudziwa!"

"Ana odwala ndikuwadziwa, mmodzi ndi wathu. Ntchito yako ndi yabwino, Laison, woipa ndiwe. Taona nkhosa ya mnzangayi! Unati imafunika kupuma. Iyi inapuma liti?"

Anthu anayamba kusonkhana. Mnyamata wina wogulitsa mbuzi anafunsa kuti m'bokosimo muli chiyani. Laison anatuwa, maso ali pa Tisiyenji. Liwu limodzi lokha lochokera pakamwa pa mtsikanayo, miyala ikanagwa.

Tisiyenji anatembenukira kwa wogulitsa mbuziyo.

"Ndi mankhwala a kuchipatala, achimwene, musiyeni. Mlandu wake ndi wa chibwenzi basi."

Anthu anaseka n'kubalalika. Tisiyenji anasendera pafupi ndi Laison, misozi ikutsika, nalankhula motsitsa.

"Mawa ine ndi Jenifer tikupita kwa mabwana ako. Akafuna magazi a Mwayi adzabwere masana, adzagogode kwa bambo anga, ndidzawapatsa. Iwenso ukanangopempha tsiku lija pa siteji, ndikanakupatsa. Panalibe chifukwa chondiuza kuti umandikonda."

Anatulutsa m'pepala nsalu ya chinkhoswe imene anali atagula, naifunditsa nkhosa ya Jenifer imene inkanjenjemera. Kenaka awiriwo anainyamula, wina kutsogolo wina kumbuyo, kulunjika kwa alangizi a ziweto.