Mzere wa Kukhoma m'Dimba la Tamou

Nkhani iyi ndinaimva kwa Tamou mwini wake, Mulungu amuchitire chifundo, ndipo ndiinena monga anainenera, osathirapo mchere wanga.

Madzulo ena, chaka cha chilala chija, Tamou anali kuseri kwa nyumba yake akumangirira matimati ku timitengo tabango. Anali ndi mitundu itatu. Kunali phwetekere, tating'ono totsekemera tomwe ana amathyola podutsa. Kunali ataliatali aja oyanika padenga ndi mchere. Ndiye kukhoma kunali mzere wa matimati akuluakulu amigulamigula, mbewu ya malemu amayi ake, yomwe m'mudzi monse munalibe wina anali nayo. Ngalande inali itauma, madzi a pachitsime ankangokwanira tiyi ndi kusamba pokaswali, ndipo masamba anali atalendewera ngati makutu a mbuzi yodwala.

Mnzake Mbarka anasuzumira pakhoma.

"Iwe Tamou, ukuvutikiranji ndi mitembo? Ingoika m'manda, tibwere tidzakulirire."

"Pakamwa pakopo! Chaka chatha unanditsirizira dengu lonse uli chiimire."

"Ndimakulawira, mwana wa amayi, ungadye zowawa. Akacha usandiiwale, wamva?"

M'mawa mwake Tamou anapeza mzere wa kukhoma uli chinyontho. Sanali mame ayi. Dothi linali litamwa mpaka pansi, pomwe mizere ina iwiri ija inali gwa ngati chiwaya. Atawerama anamva kafungo ka kamfa ndi masamba a msawu. Fungo limenelo analimva komaliza tsiku lomwe amayi ake ankasambitsidwa kuti akaikidwe, choncho mtima wake unamuuza kuti mayi wakumbukira mbewu yake. Anakweza manja n'kuthokoza Mulungu.

Kwathu dalitso salitchula. Ukaona ufa sukutha m'thumba umangovundikira n'kukhala chete, chifukwa ukatsegula pakamwa limathawa. Tamou anakhala chete. M'mawa uliwonse mzerewo unali wonyowa. Nthawi zina, mlomo wa woitanira swala ya m'bandakucha usanatseguke, ankamva chogwirira cha ndowa chikulira kuseri, kwii, kwii, koma ankadzifunditsa kumutu kuti asaone zomwe sanaloledwe kuona.

Phwetekere anauma, ataliatali nawonso anauma. Koma a kukhoma anabereka mpaka mabango kuthyoka, matimati ofiira ngati chiwindi, ozizira m'manja ngakhale dzuwa lili paliwombo. Zoyamba kucha sizidyedwa pakhomo, zimapita kwa anthu, ndipo wopatsidwa sakana. Tamou anapatsa mkazi wa wowotcha buledi, anapatsa mwana wamkazi wa m'busa wa mbuzi, anapatsa Mbarka. Osankhika kwambiri anawayala m'dengu n'kuwatumiza pa galimoto ya pamsika kwa mwana wake mmodzi yekhayo, Ijja, yemwe anakwatiwa kutsidya kwa mtsinje wouma ndipo anali woyembekezera. Iye mwini sanalaweko, anadikira otsatira omwe anali akadali aawisi.

Woyamba kudwala anali mkazi wa wowotcha buledi. Anayamba kumva kuzizira ali pafupi ndi uvuni. Ankati dzanja lamanja lanyowa, kenako phewa, kenako mwendo, koma omukhudza ankapeza khungu louma. Sabata isanathe anamunyamula kupita naye kumanda. Mwana wa m'busa anatsatira, mtsikana wamphamvu wokwera mapiri wopanda nsapato. Amayi ake analumbira kuti tsitsi lake linkadontha madzi pamtsamiro iye akadali kupuma.

Mudzi unadzaza ndi manong'onong'o. Ena ankati ndi ziwanda za m'chitsime, zakwiya chifukwa chakumbidwa mopitirira. Ena ankati pali yemwe wakwirira chinthu panjira ya kumanda. Amayi a m'mudzimo anawaza mchere pamakomo, shehe anawerenga m'nyumba ndi m'nyumba, agalu ankalira masana dzuwa likuswa mtengo. Amuna omwe anadya nawo m'mbale imodzi ndi akufawo anali bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake palibe anaganizako za chakudya. Tamou naye sanaganizeko, kapena tinene kuti maganizowo akafika pakhomo la mtima wake ankawatsekera kunja.

Kenako anamuitana kwa Mbarka. Anamupeza atafunda mabulangete atatu, mano akugundana, chipinda chonse chikununkha kamfa.

"Tamou, ndani akundisambitsa?"

"Palibe, mnzanga. Ndili ndekha pano."

"Usandinamize. Wayambira kumanja, monga achitira. Tsopano ali kumutu."

"Tchula dzina la Mulungu, Mbarka."

"Ndatchula. Sakusiya." Anamugwira dzanja mwamphamvu. "Muuze kuti sindinafe. Chonde muuze adikire."

Anamwalira dzuwa likupendeka. Tamou anatuluka panja atazindikira kuti fungo la m'chipindamo linali lomwe lija la m'dimba mwake. Anawerenga pa zala anthu omwe anawapatsa, ndipo chala chachinayi chinali Ijja. Koma galimoto ya tsikulo inali itapita kale, ndipo mnzako wa pakhoma sumusiya asanasambitsidwe.

Wosambitsa mitembo ya amayi m'mudzimo anali Lalla Hadda, nkhalamba yofatsa, ya mawu apansi, yomwe inasambitsa pafupifupi mayi wa aliyense. Analibe dimba, analibe ngakhale mphika wa maluwa. M'mawa mwake anafika ndi ndowa yake, ndipo Tamou anapemphedwa kuti azimuthirira madzi. Nkhalambayo inayamba ndi kusamba m'manja. Itangopaka sopo, thovu linasanduka lachikasu mobiriwira, n'kumadontha m'beseni.

Aliyense wolima matimati amaudziwa utoto umenewo. Umamatirira ku zala za munthu yemwe wakhala akupanikizika pakati pa masamba ake, ndipo suoneka bwino mpaka sopo ataudzutsa. Chaka chimenecho matimati amoyo anali pamalo amodzi okha m'mudzi monse.

"Lalla Hadda," anatero Tamou, "madzi osambitsira awa mumakataya kuti?"

"Kudzenje, mwana wanga, kosapondedwa ndi munthu. Thira."

"Lero ndikataya ndine."

"Si ntchito yako."

"Manja anuwo mwagwira chiyani?"

Nkhalambayo inayang'ana thovu lija, kenako inamuyang'ana iye, osakwiya n'komwe. Inamwetulira ngati munthu woyamikiridwa.

"Anakoma, eti? Ine ndinangothirira. Wogawa unali iwe."

Tamou anakuwa. Amayi omwe anali panja anathamangira mkati, ndipo m'chipwirikiti chimenecho Lalla Hadda ananyamula ndowa yake n'kudutsa pakati pawo pang'onopang'ono, chogwirira chikulira kwii, kwii. Palibe anamugwira. Aliyense anati manja ake analemera. Amuna atapita kunyumba kwake anapeza chitseko chotsegula ndi mitsuko yovundikira itandandalikidwa kukhoma, uliwonse utamangidwa kansalu ka mtundu wakewake. Shehe analetsa kuti wina asatsegule. Chimene ankafuna mayi ameneyo kwa anthu omwe anamwa nawo tiyi moyo wake wonse, Mulungu yekha ndiye adziwa. Sanaonekenso.

Tamou sanadikire maliro kapena galimoto. Anauyamba wapansi, kudutsa pamiyala ya mtsinje wouma, akupemphera mokweza ngati wamisala. "Mbuye wanga, tengani ine. Ndine ndinakhala chete. Mwanayo musiyeni." Anafika kutsidya masana, mapazi akutuluka magazi, n'kugwera pachitseko cha mwana wake.

Anatsegula ndi Ijja, ufa uli m'manja.

"Amayi! Kwagwanji?"

Tamou anamugwira dzanja lamanja, phewa, tsitsi. Zonse zinali zofunda ndi zouma.

"Matimati aja. Unadya angati?"

"Ha, mwayenda ulendo wonsewu kudzandiwerengera matimati?" Ijja anaseka. "Musakwiye, amayi, sindinadye ndi limodzi lomwe. Mimbayi ikukana chilichonse chofiira."

Tamou anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kulira, akupsompsona manja a mwana wake, akuthokoza Mulungu ndi mayina ake onse omwe ankawakumbukira. Ijja anali moyo. Patapita kanthawi Tamou anapukuta misozi n'kufunsa komwe anataya matimatiwo, kuti akawakwirire ndi manja ake.

"Kutaya? Matimati obereka chotero pa chilala ngati chino? Apongozi anati kungakhale kuchimwa. Tinafinya njere, tinayanika pansalu, ndipo amayi a m'mudzi muno atamva anabwera kudzapempha. Mbewu samana, amayi, munandiphunzitsa ndinu. Ena atumizako kwa abale awo kumapiri." Analoza ndi chibwano. "Taonani momwe zamerera."

Tamou anatembenuka. Pakhoma la nyumba yoyandikana panali zitini zakale zodzaza dothi. Pakhoma lotsatira panalinso zina, ndi padenga la kutsogolo, ndi pawindo la nyumba ya shehe wa kumeneko, kutsika msewu wonse mpaka kumsikiti. M'chitini chilichonse munali mbande zobiriwira bii, zitaimirira njo padzuwa lomwe linapsereza china chilichonse m'dziko.