Kamtsikana Konyamula Chikwama cha Kamera

Mtsikana wina ankagwira ntchito pasitolo yotsuka zithunzi. Tsiku lina kunalowa mwamuna atakolekera kamera yaitali ngati mkono, nsapato zili mchenga wokhawokha.

"Ndimajambula mbalame za kunyanja yamchere," anatero akumuyang'ana m'maso. "Koma chokongola chenicheni ndachiona lero."

Mawu otchipa bwanji! Komatu mtima wa mtsikanayo unadumpha.

Mauthenga a mwamunayo anayamba kugwa pafoni ya mtsikanayo ngati mvula: "Wadzuka bwanji, kuwala kwanga?"

Achimwene ake a mtsikanayo, omwe anali ndi boti, anangoseka.

"Munthu wamkulu ndi ndevu zake kumalondola mbalame? Wazitosi ameneyu akufuna boti langa, osati iwe."

"Achimwene, chikondi simuchidziwa inu!"

Anawachonderera mpaka anavomera kumawaperekeza awiriwo kumatanthwe kumene mbalamezo zimaswera. Mtsikanayo ankasenza chikwama, n'kumaphimba kamera ndi ambulera, iye mafunde akumunyowetsa.

"Usapume mokweza, wokondedwa, zithawa," ankanong'ona wojambulayo. "Zithunzizi zikadzapachikidwa pachionetsero, ndidzakuveka mphete anthu onse akuona."

Tsiku la chionetsero, mtsikanayo anavala diresi latsopano n'kupita. Muholomo anapeza wojambulayo ataima ndi mayi wina, kamwana katamugwira thalauza.

"Ameneyu ndani, bambo a mwana?" anafunsa mayiyo.

"Aa, ndi kamtsikana kondinyamulira chikwama. Anthu a maboti awa."

Kamtsikana! Kunyowa konse kuja kunali kwa zimenezi?

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kuzala. "Ndiye wangoima? Tandigwirira jeketeyi."

Mtsikanayo sanailandire. Anatulutsa foni.

"Mayi, ndikuwerengereni kaye zimene amuna anu alembera kamtsikanaka m'mawa uno. 'Usabwere lero, moyo wanga. Mlongo wanga wamkulu wandikakamira, ndipo ndi wovuta, mano kunsi.' Mlongo wamkuluyo ndinu, eti?"

Jekete inagwa pansi.

"Mlongo wako? Ine?" anatero mayiyo, mawu akutuluka m'mano.

Wojambulayo anawerama n'kutola jeketeyo.

Mtsikanayo anatuluka mutu uli m'mwamba. Misozi inadikira mpaka pasiteji ya basi, ndipo pomwepo foni inalira: "Wokondedwa, ndilole ndifotokoze."

Anapukuta m'maso n'kuyankha: "Fotokozerani achemwali anuwo, bambo. Ine ndamva kale."