Chiuno cha Amira Si Malonda

Anakumana pa siteji ya matakisi pa boda ya Mchinji, tsiku limene zipi ya chikwama cha Amira inaduka. Zitenje zimene anakapikula ku Chipata zinamwazika pafumbi, ndipo pamwamba pake panagwera mpango wofiira wa timangenjeza. Ngwere ngwere!

Mnyamata wa shati yoyera anawerama n'kuutola.

"Chemwali, mpango woimba chonchi mumavalira kuti?"

"Bweretsani kuno, achimwene. Si za inu."

"Dzina langa ndi Owen. Ndimathandiza a mathiraki kuombola katundu pano. Koma lero ndaona katundu amene sindingalole kuti adutse boda!"

Amira anafuna kukwiya, koma kuseka kunamupulumuka. Takisi isanadzaze, nambala yake inali kale mu foni ya Owen.

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo. "Duwa langa, wafika bwino?" Mawa lake: "Switi, tiyi wandikanika, shuga yense anapita ndi iwe." Amira ankawerenga ali kuseri kwa kauntala mu shopu ya bambo ake pa boma, n'kumamwetulira ngati wopepera. Ndi mtsikana uti amene sakanatero?

Patapita miyezi, atakhala pa benchi kuseri kwa msika, Owen anafunsanso za mpango uja.

"Ndi wovinira," Amira anatero motsitsa mawu. "Gule wa ku Ejipito."

Maso a Owen anawala. "Uja wa m'mavidiyo? Wogwedeza chiuno, mimba ili pamtunda?"

"Ndiye zimene mumadziwa amunanu! Azakhali anga a Kuluthumu anakhala ku Cairo nthawi imene amuna awo ankaphunzira kumeneko. Guleyu anaphunzira kwa amayi oyandikana nawo nyumba. M'makomo amavina agogo, ana, ngakhale amayi oyembekezera, atavala madilesi awo a masiku onse. Pa ukwati banja lonse limavina. Palibe amene amakhala akukopa mwamuna."

"Nanga iwe unayamba bwanji?"

"Amayi atamwalira ndinasiya kudya. Ndinauma ngati chitsa, kulira komwe kunkandikanika. Azakhali anandimanga mpangowu m'chiuno n'kunena kuti, 'Chisoni chimakhala m'mimba, mwanangu. Chigwedeze chituluke.' Tsiku limene ndinavina koyamba ndi limene ndinalira maliro a amayi. Pano Loweruka masana timatseka chitseko kwa azakhali, timavina ndi amayi anzathu. Kumabwera anamwino, aphunzitsi, ngakhale mayi wina wa ku Kapondo amene msana unkamuvuta."

Owen anamugwira dzanja. "Mtima wanga, chinsinsi chako ndi changa. Aliyense wonyoza gule wako adzaona ine."

Ha! Mawu okoma sagula ndi ndalama.

Onyoza analipo ambiri. Ena pa boma ankati kwa a Kuluthumu amaphunzitsa uhule. Ena ankati ndi mankhwala okokera amuna a eni. Mayi wina wogulitsa tomato anafika polavula Amira akudutsa. Koma iye sankasamala. Anali ndi Owen wake, womumvetsa!

Chimodzi chokha chinkamudabwitsa. Pafupipafupi uthenga unkabwera: "Bebi, tandijambulira kavidiyo ukuvina, ndizigonera pomwepo."

"Ayi. Udzaona tikadzalowa m'nyumba."

"Ndiye tilowe msanga! Ngakhale chipembedzo ndisintha, ndilowa Chisilamu chako, mfumukazi yanga. Iwe ndiwe woyamba, ndiwe womaliza."

Azakhali ake atamva, anapukusa mutu. "Mwamuna wofunsa vidiyo asanafunse kwa amalume ako? Ine sindikumukhulupirira."

"Simukumudziwa, azakhali."

"Iwe ukumudziwa?"

Kenako unafika uthenga umene Amira ankaulota: "Lamlungu masana abale anga akubwera kudzakuona. Tikakumane pa loji ija ya mpanda wobiriwira, njira ya ku boda. Utenge mpango uja, alongo anga akufuna kuuona. Ubwere wekha, duwa langa."

Yekha? Amira sakanapita kwa apongozi ngati mwana wopanda kwawo. Anavala dilesi lalitali la buluu, anafunda bwinobwino kumutu, n'kutengana ndi azakhali ake.

Atalowa pa geti, anamwaza maso. Panalibe alongo. Panalibe amalume. Pansi pa mtengo wa mango panali madalaivala a mathiraki ndi osintha ndalama, mabotolo ali mbwee pa matebulo, nyama ikupsa pa waya, sipika ikulira. Pakati anasiyapo bwalo, losesedwa bwino.

"Wafika wa ku Ejipito uja!" wina anakuwa, ndipo malikhweru anabuka.

"Bwanji wafunda chonchi? Kapena amavula pang'onopang'ono?"

Mayi wina wa mwana kumbuyo, amene ankagawa mbale za nyama, anabwera n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ndinu wovina uja? Kosinthira zovala ndi uko. Koma ndikuuzeni, mukamaliza muzipita. Amuna a pano ali ndi eni ake."

"Pepani mayi, mwandisokoneza ndi wina. Ine ndabwera kwa Owen."

"Eya, a Owen omwewo. Amuna anga. Ine ndine Dailesi, amake Takondwa, ndipo uyu ndi mwana wawo wachiwiri. Anati apezera abwana awo hule wodziwa gule wa Aluya, woti asangalatse alendo pa phwando la thiraki yatsopano."

Amuna anga! Mwana wachiwiri! Amira anamva ngati dziko likuzungulira. Ndiye miyezi yonseyi ankasekerera chiyani? Za maliro a amayi ake ankauza ndani?

Owen anatulukira ku bala atanyamula mabotolo awiri. Ataona a Kuluthumu, ndiponso Dailesi ataima pambali pa Amira, nkhope yake inagwa. Anathamanga n'kunong'ona.

"Bebi, ndinati ubwere wekha. Tamvera, ungovina nyimbo imodzi basi. Abwana andilonjeza ofesi ya ku Lilongwe. Ndi za tsogolo lathu!"

"Lathu ndi ndani? Ndi Dailesi?"

"Zimenezo ndikufotokozera bwino. Nanga vuto n'chiyani? Si umavina kale? Kugwedeza n'kugwedeza!"

Misozi imene inayamba kulengeza m'maso mwa Amira inabwerera. Anamuyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira chimene waponda mumsewu.

"Zimitsani sipikayo," anatero mokweza. Ndipo wina anazimitsadi.

"Abambo, mwanamizidwa. Uyu anandiuza kuti ndikudzaonana ndi abale ake. Anati alowa Chisilamu, andikwatira. Mkazi wake ndi uyu, mwana ali kumbuyo, akukugawirani nyama."

Dalaivala wina wachikulire anatsitsa foni imene anakonzekera kujambulira.

"Ku Cairo alipo akatswiri amene amavina pa siteji," Amira anapitiriza, "ndipo ndi luso limene amaliphunzira zaka zambiri. Amasankha okha, sachita kukokedwa ndi bodza. Inu mukaona chiuno cha mkazi chikuyenda, nzeru zanu zimathera pa lamba. Ameneyo si matenda a gule, ndi matenda anu."

Anatembenukira kwa Owen. "Iwe ndinakupatsa chinthu chimene chinandidzutsa pa maliro a mayi anga, iwe n'kupita nacho kwa abwana ako ngati mbuzi ya pa msika. Ndinkayesa ndiwe mwamuna. Ndiwe dobadoba chabe, wa anthu ndi katundu yemwe."

"Amira, switi..."

"Switi ndi amako!" a Kuluthumu analowerera. "Bwalo mwasesa kale. Vina iweyo, abwana ako aone!"

Kuseka kunaphulika, koma tsopano ankaseka Owen. Abwana a Owen, bambo wonenepa amene anakhala pa mpando wa pakati, anaimirira, nkhope ili gwa.

"Owen, ndiwe unandiuza kuti mtsikanayu anavomera, ndipo ndi ntchito yake? Wandichititsa manyazi pamaso pa alendo anga. Mawa usaoneke ku ofesi."

Dailesi anaika mbale pansi mwakachetechete. Anamanga bwino mwana kumbuyo, n'kuyandikira Amira.

"Chemwali, ndinakutukwanani osadziwa. Mundikhululukire."

"Simunalakwe ndinu, mayi. Tonse watidyetsa mbale imodzi."

Anatuluka pa geti atatu. Owen anawatsatira mpaka pamsewu, akuitana uku "Amira!" uku "Amake Takondwa!", osadziwa woti ayambe kumugwadira. Palibe amene anacheuka.

Mu takisi yobwerera ku boma, Amira anatsamira phewa la azakhali ake ndipo misozi inatsika tsopano, yotentha, yopanda phokoso. Foni inanjenjemera m'manja mwake.

"Mtima wanga, ndi Satana anandinyenga. Ndipatse mwayi umodzi."

Amira anapukuta m'maso, n'kulemba kuti: "Usamunamizire Satana. Iye amasankhako anthu oyenda nawo."

Anatumiza, n'kutseka nambalayo.